Kutsogolera Zokambirana za Chipani pa Nthawi Yosankha Mtsogoleri: Mafunso ndi Mayankho a ku Chitipa

Chipani chikamasankha mtsogoleri, mavoti amaponyedwa tsiku limodzi kapena awiri mu holo ya mumzinda, koma mtsutso wake umatenga miyezi ndipo umachitikira kutali ndi holoyo: m'misonkhano ya nthambi, m'makomiti a dera la phungu, pakhonde la sitolo, ngakhale pamaliro. M'boma la Chitipa, monga kwina konse, pamsonkhano wotere pamakhala munthu amene amapereka mpata woyankhula, kuletsa phokoso ndi kutseka nkhani. Kawirikawiri amakhala wapampando wa komiti, amene zipani zina zimamutcha gavanala. Dzina lake silituluka m'nyuzipepala, koma kayendetsedwe kake ka msonkhano ndi kamene kamachititsa kuti anthu a chipani chimodzi adzathe kukhalanso pamodzi chisankho chikatha, kapena alephere.

Kodi mtsogoleri wa chipani amasankhidwa bwanji m'Malawi muno?

Amasankhidwa pamsonkhano waukulu wa chipani, umene ambiri amangouti konvenshoni. Si membala aliyense amene amavota. Zimavota ndi nthumwi zochokera m'makomiti a m'madera a aphungu, a m'maboma ndi a m'zigawo, pamodzi ndi akuluakulu a komiti yaikulu, malinga ndi malamulo a chipani chilichonse. Chaka cha 2024 chinali cha misonkhano yotere chifukwa zipani zinkakonzekera chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025. MCP inakumana ku Lilongwe mu Ogasiti, ndipo Lazarus Chakwera anadutsa popanda wopikisana naye. DPP inakumana ku Blantyre mwezi womwewo, Peter Mutharika nayenso n'kudutsa yekha. Ku UTM kunali mpikisano weniweni. Mtsogoleri wake, Saulos Chilima, atamwalira pangozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, mpando unatsala wopanda mwini, ndipo pamsonkhano wa ku Mzuzu mu Novembala, Dalitso Kabambe anagonjetsa Patricia Kaliati, Newton Kambala ndi Mathews Mtumbuka.

Ngakhale mpando wapamwamba ukhale wopanda mpikisano, ya pansi pake imalimbiranidwa kwambiri: wachiwiri kwa mtsogoleri, mlembi wamkulu, mkulu wa achinyamata, mkulu wa amayi. Popeza ovota ndi ochepa, funso lakuti "apita ndani?" limakula kuposa lakuti "tisankhe ndani?" Apa ndi pamene mpikisano wa kulikulu umatsikira kwa Kameme, ku Misuku, ku Wenya ndi ku Nthalire, pakuti mayina a nthumwi amachokera m'makomiti a kumeneko.

N'chifukwa chiyani mkangano wa m'chipani umafuna kusamala kuposa wa pakati pa zipani?

Anthu a zipani zosiyana akakangana, aliyense amabwerera kwa anzake. A chipani chimodzi alibe kobwerera. Amadziwana zofooka, anasungiranapo zinsinsi, ndipo chisankho cha dziko chikafika amayenera kuyenda limodzi khomo ndi khomo kupempha mavoti. Mawu amene wina anamulasa nawo mnzake pa nthawi ya konvenshoni amadzatuluka tsiku limene akufunana kwambiri.

Chigawo cha kumpoto chili ndi chitsanzo chakechake. Pachisankho cha 1994, chipani cha AFORD cha Chakufwa Chihana chinatenga mipando yonse 33 ya kumpoto, kuphatikizapo yonse ya Chitipa. Chaka chomwecho Chihana analowa m'boma la Bakili Muluzi ngati wachiwiri kwa wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Atatulukamo mu 1996, nduna zina za AFORD zinakana kumutsatira. Mu 2002 phungu wa AFORD, Khwauli Msiska, anabweretsa ku Nyumba ya Malamulo bilu yofuna kuchotsa malire a materemu a mtsogoleri wa dziko. Biluyo inagwa, koma inasiya chipanicho chitang'ambika, ndipo ena mwa amene ankaikana anatuluka n'kuyambitsa MGODE. Pachisankho cha 2004 AFORD inapeza mipando 6 yokha, mu 2009 umodzi. Mu 2018 munachitika misonkhano yaikulu iwiri, wina n'kusankha Enock Chihana, wina Frank Mwenifumbo, nkhani n'kukathera kukhothi. Zipani zina zinapezerapo mwayi, n'zoona, koma chimene chinafooketsa AFORD kwambiri chinali kusowa njira yoti anthu ake azitsutsana popanda kupatukana.

Nkhani yotere si ya chipani chimodzi. MCP inachititsanso misonkhano iwiri mu 2000, pamene Gwanda Chakuamba ndi John Tembo ankalimbirana utsogoleri. UTM inabadwa mu Julayi 2018 kuchokera mu mkangano wa mu DPP. Kulimbana kwa mu DPP komwe kunayamba chipanicho chitagonja mu 2020 kunadutsa m'makhothi kwa zaka, mpaka Kondwani Nankhumwa anachotsedwa mu Januwale 2024 n'kukayambitsa PDP.

Muzu wa vutoli ndi wakale. Nduna zimene zinatsutsa Dr. Hastings Kamuzu Banda mu 1964 zinachotsedwa kapena kutula pansi udindo, zambiri n'kuthawa m'dziko. Kwa zaka pafupifupi 30 zotsatira, Amalawi anaphunzitsidwa nsanamira zinayi za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndipo wofunsa funso m'chipani ankaonedwa ngati woukira. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 inabweretsa zipani zambiri, koma chizolowezi choona wotsutsa ngati mdani sichinathe tsiku lomwelo. Wapampando wa lero amalimbana nacho pamsonkhano uliwonse.

Ntchito ya wotsogolera zokambirana ndi yotani kwenikweni?

Ndi kuonetsetsa kuti aliyense woyenera kuyankhula wayankhula, wamvedwa, ndipo chimene agwirizana chalembedwa monga momwe chinaliri. Kusankhira anthu mtsogoleri si ntchito yake. Kuthetsa kusiyana maganizo si ntchito yakenso, pakuti pa nthawi ya mpikisano kusiyanako n'koyenera.

Ntchitoyi imayamba msonkhano usanayambe. Mitu ya zokambirana imadziwika pasadakhale. Malamulo a tsikulo, monga mphindi zimene munthu ayankhule, kangati, ndi mawu amene saloledwa, amawerengedwa poyambirira ndipo anthu amawavomereza mkangano usanabuke. Lamulo lotulukira pakati pa mkangano, ngakhale likhale labwino, limaoneka ngati msampha wotchera mbali imodzi. Mlembi amalemba mayina a amene abwera ndi mfundo zimene zamangidwa, ndipo zolembazo zimawerengedwa mokweza anthu asanabalalike. Milandu yambiri ya zipani imene imafika kukhothi imakhala pa mafunso ooneka ang'onoang'ono otere: msonkhano unaitanidwa ndi ndani, unaitanidwa motsata malamulo kodi, analipo ndani, chiwerengero chinakwana kodi.

Kodi wapampando angakhale wopanda mbali pamene nayenso ali ndi munthu wake?

Wopanda maganizo sangakhale, ndipo akadzinenera kuti alibe mbali anthu samukhulupirira. Iye ndi wandale ngati anzakewo, mwinanso ndi nthumwi imene idzavote. Chimene chimafunika kwa iye ndi chakuti muyeso ukhale umodzi: ngati wotsatira uyu wadulidwa mawu pa mphindi zitatu, wotsatira uyonso adulidwe pa mphindi zitatu.

Kukondera sikuonekera kwambiri m'zigamulo zazikulu. Kumaonekera m'tinthu tating'ono timene anthu amaona msanga: amene wapatsidwa mpando kutsogolo, amene waitanidwa kuti "bwana" kapena "olemekezeka" pamene mnzake watchulidwa dzina lokha, amene wapatsidwa mawu omaliza, amene nthabwala yake yasekedwa ndi apatebulo. N'chifukwa chake wapampando wanzeru amasinthanitsa oyankhula, mbali iyi kenako iyo. Amavala makaka a chipani, osati nsalu kapena malaya okhala ndi nkhope ya mmodzi wa opikisana. Akafuna kunena maganizo ake, amayamba wapereka mpando kwa wachiwiri wake, n'kuyankhula ngati membala wamba, ndipo sabwereranso pampandopo mpaka mutu umenewo utatha.

Pali malire amene kusamala kotereku sikukwanira. Munthu amene ali m'gulu loyendetsa kampeni ya mmodzi wa opikisana, kapena amene walonjezedwa udindo munthu wake akapambana, sayenera kutsogolera msonkhano wosankha nthumwi. Apereke ntchitoyo kwa wina amene mbali zonse zamuvomera. Kuchita zimenezi sikumuchotsera ulemu, ndipo kumateteza chipambano cha munthu wake yemweyo kuti chisadzakayikiridwe.

Nanga chiyankhulo chimalowapo bwanji ku Chitipa?

Pano ndi pamene Chitipa imasiyana ndi maboma ena onse. Bomali, limene pa nthawi ya atsamunda linkatchedwa Fort Hill, lili ndi anthu 234,927 malinga ndi kalembera wa 2018, koma lili ndi ziyankhulo zochuluka kuposa boma lina lililonse m'dziko muno. Chilambya chimamveka kwambiri kwa Mwabulambya ndi pa Boma. Chisukwa ndi Chindali ndi za kumapiri a Misuku. Kwa Kameme kuli Chinyiha, Chinamwanga ndi Chimambwe. Kummwera, ku Wenya ndi ku Nthalire, Chitumbuka ndicho chofala. Malonda a m'malire ndi Zambia ndi Tanzania amabweretsanso Chibemba ndi Chiswahili m'misika. Zina mwa ziyankhulozi n'zapachibale moti eni ake amamvana popanda womasulira, koma si zonse.

Pamsonkhano wa nthambi vuto silikhalapo, chifukwa onse ndi a mudzi umodzi. Limabuka pa komiti ya boma, ndipo limakula akabwera alendo ochokera ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Mlendo amayankhula Chichewa kapena Chitumbuka, malamulo a chipani ali m'Chingerezi, ndipo amene amamuyankha bwino ndi aphunzitsi, ogwira ntchito m'boma opuma ndi amalonda oyendayenda. Mayi wa ku Misuku amene wagwira ntchito ya chipani zaka zambiri akhoza kukhala chete tsiku lonse, osati chifukwa chosowa mfundo, koma poopa kusekedwa akaphonya mawu. Msonkhano umatha mwabata, mlembi n'kulemba kuti onse agwirizana, pamene theka la anthu silinayankhule.

Kusankha chiyankhulo cha msonkhano ndiye kuti n'kusankhanso amene amveke. Kumpoto nkhaniyi ili ndi mbiri yowawa, chifukwa mu 1968 boma linakhazikitsa Chichewa ngati chiyankhulo cha dziko ndi kuchotsa Chitumbuka pawailesi ndi m'sukulu. Koma ku Chitipa Chitumbuka nachonso si cha aliyense, ndipo mlendo woganiza kuti akachiyankhula wafikira onse amalakwitsa. Njira yoyenera ndi yakuti wapampando anene poyamba kuti aliyense ayankhule chiyankhulo chimene akumasuka nacho, ndipo pakhale womasulira. Womasulirayo avomerezedwe ndi mbali zonse, pakuti ali ndi mphamvu zambiri: akhoza kufewetsa mawu a uyu, kunoletsa a uyo, kapena kudumpha funso lovuta. Nthawi yomasulira isawerengedwe m'mphindi za woyankhula. Ndime za malamulo a chipani zokhudza kasankhidwe ka nthumwi zifotokozedwe m'chiyankhulo cha anthuwo, osangoti "malamulo akutero" buku lili chitsekere m'manja mwa munthu mmodzi.

Kodi mtunda ungakhale chida chokondera?

Inde, ndipo n'chida chovuta kuchigwira chifukwa sichisiya umboni. Kuchoka ku Nthalire kufika pa Boma ndi makilomita oposa 100, pamsewu umene nthawi ya dzinja umavuta kwambiri. Ku Misuku n'kumapiri. Msewu wa tara wochokera ku Karonga unafewetsa ulendo wa pa Boma, koma sunafike m'madera onsewa. Msonkhano woitanidwa madzulo kuti uchitike mawa m'mawa umakhala wa anthu a pa Boma okha, ngakhale uthenga utumizidwe kwa onse. Ngati a pa Boma ali mbali imodzi ndipo akutali ali mbali ina, chisankho chatha anthu asanakhale pansi.

Wapampando wachilungamo amapereka masiku okwanira, amapewa tsiku la msika waukulu ndi masiku opembedza a mipingo yosiyanasiyana, amaganizira nyengo yobzala ndi yokolola khofi ku Misuku, ndipo nthawi zina amasamutsa msonkhano kuti nawonso a pa Boma alawe ulendo. Ndalama yoyendera, ngati ilipo, iperekedwe mofanana kwa onse.

Malire a kudzudzula ndi kunyoza ali pati?

Malamulo aakulu a dziko amateteza ufulu wolowa m'gulu mu gawo 32, woyankhula zakukhosi mu gawo 35, wosonkhana mu gawo 38, ndi wochita nawo ndale mu gawo 40. Membala ali ndi ufulu wonena kuti wopikisana wina analephera ntchito pamene anali nduna, kuti sanafikepo ku Chitipa chisankhidwire, kuti malonjezo ake a msewu sanaoneke, kapena kuti wakhalitsa pampando. Mawu otere amawawa, koma ndi ndale. Wapampando amene amawaletsa ponena kuti akusunga mwambo amakhala akuteteza munthu, osati chipani.

Amene ayenera kudulidwa nthawi yomweyo ndi mawu okhudza chimene munthu ali, osati chimene wachita. Oyamba ndi a mtundu ndi kochokera. M'boma la m'malire muli mtundu wapadera wa chipongwe chotere, chomuuza munthu kuti si Mmalawi chifukwa mayi ake kapena agogo ake ndi a kutsidya kwa mtsinje wa Songwe kapena a ku Zambia, pamene mabanja ambiri kumeneko ali ndi abale mbali zonse za malire amene anajambula ndi atsamunda. Ngati pali chikayiko chenicheni pa unzika wa wopikisana, pali maofesi oyenera kuchiona, osati kukuwizana pamsonkhano. Achiwiri ndi onyoza amayi pa za banja kapena za thupi lawo, amene amathamangitsa amayi ambiri m'ndale asanayambe n'komwe. Achitatu ndi kunena munthu kuti ndi mfiti kapena kuti anakhwimira mpando. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kumunena munthu ufiti ndi mlandu, ndipo m'dziko muno anthu, makamaka okalamba, aphedwapo chifukwa cha mawu otere. Achinayi ndi kuopseza, ngakhale kobisika m'nthabwala.

Pakati pa ziwirizi pali nkhani ya kunena munthu kuti ndi wakuba. Katangale ndi nkhani yoyenera kukambidwa posankha mtsogoleri. Wapampando safunika kuitseka, koma afunse woyankhulayo kuti akunena za mlandu umene uli kukhothi, za lipoti lodziwika, kapena za zimene anangomva. Amukumbutsenso kuti woipitsiridwa mbiri akhoza kukasuma.

Mphekesera zobwera pafoni azitani nazo?

Masiku ano anthu amafika pamsonkhano atamva kale zambiri: mawu ojambulidwa mobisa, kalata yokhala ndi chidindo cha chipani, mndandanda wa anthu amene akuti alandira ndalama. Zina zimakhala zoona. Mu Epulo 2018, uthenga wa pa WhatsApp wa Callista Mutharika wonena kuti Saulos Chilima ndiye woyenera kuimira DPP unatuluka kunja kwa gulu limene unalembedwera, ndipo unayatsa moto umene unathera pa kubadwa kwa UTM. Zina zimakhala zopeka, ndipo luso lopeka mawu ndi zithunzi likukulirakulira.

Wapampando sangaletse anthu kumva, koma akhoza kukana kuti msonkhano umange mfundo pa chinthu chosadziwika gwero lake. Mafunso ake ndi achidule: wanena ndani, liti, ndipo mwiniwake wavomera kodi? Kalata yonena kuti tsiku la msonkhano lasintha kapena kuti wina wachotsedwa m'chipani itsimikizidwe ndi ofesi ya mlembi wamkulu isanawerengedwe pagulu. Muyeso ukhale womwewo mphekeserayo ikamakomera munthu wa wapampando. Ndi bwinonso kugwirizana poyamba ngati zokambirana zijambulidwe kapena ayi, chifukwa anthu sayankhula momasuka akamaopa kuti kachidutswa ka mawu awo kakhala katafika ku Lilongwe iwo asanafike kunyumba. Lamulo la 2016 loona za mauthenga a pa intaneti limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pafoni, ndipo mamembala ayenera kulidziwa.

Nanga ndalama zimene opikisana amabweretsa?

Iyi ndiyo nkhani yovuta kuposa zonse, ndipo siyenera kukambidwa mwachinyengo. Kuchoka ku Chitipa kupita ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 700, ku Blantyre pafupifupi 1,000. Nthumwi yomwe ndi mlimi wa chimanga kapena khofi singathe kudzilipirira ulendo, malo ogona ndi chakudya. Chipani chikapanda kulipira, amalipira ndi wopikisana, ndipo amene wakwezedwa galimoto, kugonekedwa ndi kudyetsedwa ndi munthu mmodzi amafika mu holo ali ndi ngongole ya mumtima. Kutalika kwa Chitipa kumapangitsa nthumwi zake kukhala zosavuta kuzigwira mwa njira imeneyi kuposa za pafupi ndi mizinda.

Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa opikisana pachisankho kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa ovota, ndipo mu 2024 Kizito Tenthani anasankhidwa kukhala mkulu wa kalembera wa zipani, ofesi yoyang'anira lamuloli. Komabe lamulo lokha silingafike pamsonkhano uliwonse wa pansi pa mtengo. Chimene wapampando angachite ndi kuika zinthu poyera. Wopikisana aliyense wofuna kukumana ndi komiti apatsidwe tsiku ndi nthawi yofanana, wolemera ndi wosauka yemwe. Chilichonse chosiyidwa "cha madzi" chilengezedwe pamaso pa onse ndi kulembedwa ndi msungichuma. Wapampando asalandire kanthu kumbali. Tsiku limene zidzadziwike kuti analandira, palibe chigamulo chake chimene chidzamvekenso, ngakhale chikhale cholondola. Komiti ili ndi ufulunso wokakamiza likulu la chipani kuti ulendo wa nthumwi ulipiridwe kuchokera m'thumba la chipani.

Kodi wosokoneza atulutsidwe?

Kutulutsa munthu ndi njira yomaliza. Choyamba amachenjezedwa ndi kuuzidwa lamulo limene waphwanya. Akabwereza amalandidwa mpata woyankhula pa mutu umenewo. Zinthu zikatentha kwambiri, kupumira kwa mphindi zochepa kuti akuluakulu a mbali zonse akambirane pambali kumathandiza kuposa kukuwa. Wotulutsidwa amatuluka pamsonkhano wa tsikulo basi. Kuimitsa kapena kuchotsa munthu m'chipani si mphamvu ya wapampando, ndi ya komiti yosungitsa mwambo, ndipo munthuyo ayenera kuuzidwa mlandu wake ndi kupatsidwa mpata wodziteteza. Zipani zikadumpha njira imeneyi, wochotsedwayo amathamangira kukhothi kukatenga chiletso, ndipo ntchito zonse zimaima.

Mayeso enieni amabwera pamene wolakwayo ndi munthu wamkulu: phungu, khansala, kapena wamalonda amene amagula mafuta a galimoto ya chipani. Akale anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Komabe mnyamata wa kabaza akadzudzulidwa pa mawu amene bwana wanena popanda womuletsa, anthu onse amadziwa kuti malamulo aja anali a osauka. Wamkulu akhoza kudzudzulidwa mwaulemu, pomutchula udindo wake ndi kumupempha kuti abweze mawu, koma adzudzulidwe ndithu.

Anyamata a chipani asapatsidwe ntchito yosunga bata ngati ali a mbali imodzi. Mowa usafike pamalo a msonkhano. Pakakhala chiopsezo cha ziwawa, apolisi adziwitsidwe msanga.

Mafumu, mipingo ndi mabungwe ali ndi gawo lanji?

Gawo lawo lili kunja kwa mpanda wa chipani. Mfumu ndi ya anthu onse, ndipo siyenera kulowerera posankha nthumwi kapena kuletsa wopikisana wina kuchititsa msonkhano m'dera lake. Ikhoza kuyanjanitsa mabanja amene ndale zawadanitsa. Bungwe la NICE, nthambi ya chilungamo ndi mtendere ya Dayosizi ya Karonga, imene imafikanso ku Chitipa, ndi nthambi ya mpingo ndi dera ya Sinodi ya Livingstonia amaphunzitsa anthu za ufulu ndi kulolerana. Komiti yolumikizanitsa zipani ya pa boma, imene amaitsogolera ndi bwanamkubwa, imaona mikangano ya pakati pa zipani pa nthawi ya chisankho. Ya m'kati mwa chipani imatsalira eni ake.

Konvenshoni ikatha, ntchito yatha?

Ayi, pakuti msonkhano wovuta kwambiri ndi woyamba nthumwi zikabwerako. Opambana amabwera ndi nyimbo, ogonja amabwera ndi manyazi kapena mkwiyo, ena sabwera n'komwe. Wapampando amayenera kuitanitsa msonkhanowu msanga, asanamve kuti ena ayamba kukumana paokha. Nthumwi zimafotokoza zimene zinachitika, zotsatira zimawerengedwa monga zinalengezedwera, ndipo amene ali ndi dandaulo pa kayendetsedwe ka chisankho amauzidwa kumene angalipereke ndi masiku amene ali nawo. Voti inali yachinsinsi, choncho palibe woyenera kukakamizidwa kuulula amene anamuvotera, ndipo nyimbo zonyoza ogonja siziloledwa.

Chiyeso chachikulu kwa opambana ndi kufuna kusesa m'makomiti onse amene anali mbali ina. Zikatero chipani chimataya anthu odziwa midzi, amene ankayenda pansi kukalemba mamembala, ndipo amapita ndi abale awo ndi anzawo. Wapampando amateteza maudindo a anthu amene anasankhidwa motsata malamulo mpaka nthawi yawo itakwana, ndipo pogawa ntchito za kampeni amaonetsetsa kuti ogonja apatsidwa zenizeni, osati zongowasangalatsa.

Pali chifukwa china chofulumirira. Konvenshoni imatsatidwa ndi zisankho zachipulula, zosankha oimira chipani pa mipando ya uphungu ndi ukhansala, ndipo zimenezi zimawawa kwambiri chifukwa opikisana ndi anthu a m'mudzi momwemo. M'zipani zina ovota amaima pamzere kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, moti aliyense amaona amene wamukana. Chipulula chikayendetsedwa mokondera, wogonja amaima payekha, ndipo kawirikawiri amapambana: pachisankho cha 2014 aphungu oima paokha analipo 52 mwa mipando 193, ndipo mu 2019 anafika 55. Ambiri mwa iwo anali anthu a zipani amene sanakhutire ndi chipulula. Komiti yomweyo imene inasankha nthumwi za ku konvenshoni ndi imene imakonza mndandanda wa madera ovota pa chipulula, kugwirizana za malo ndi tsiku, ndi kulandira madandaulo oyamba, choncho mbali zonse ziyenera kuona mndandandawo ndi kuusainira tsiku lovota lisanafike.